Screenshot imodzi inatsala pang'ono kupha bizinesi ya mufana wanga ku Lundazi

Sabata ino mundikhululukile anzanga. Nkhani za woimba amene wasiyana na manijala wake, na uja amene akujambulitsa pa motoka yobweleka, taziika pambali pang'ono. Ndabwela kuchokela ku Lundazi ndili na nkhani ina, ndipo wochita manyazi mu nkhaniyi ndine mwini wake. Imwe amene mumapanga ma posta pa foni ku Kanyama, ku Chawama, ku Matero kapena ku Mtendere, sendelani pafupi, chifukwa zimene zinachitika kuja zingakugweleni mawa lomwe.

Ndinapita ku kitchen party ya msuweni wanga, mwana wa amalume. Amene munakwelapo basi ya kum'mawa pa Intercity mudziwa kuti ni ulendo wa tsiku lonse: kuwoloka Luangwa, Nyimba, Katete, Chipata, ndiye kuwonjezapo makilomita ena pafupifupi 180 kulowela kumpoto, msana utatha kale. Nditatsika, chinthu choyamba chimene chinandigwila maso ni ma posta. Pa mitengo, pa makoma a ma shopu, ku maliketi: crusade ya masiku atatu, tournament ya bola, mbeu ya soya na mpendadzuwa yafika kwa agro dealer, ma tuition a Grade 12, show ya woimba wa konko pa lodge. Ambili a iwo kumbuyo kuli chithunzi cha Castle, nyumba ija ya njelwa yooneka ngati ya mafumu a ku Ulaya, imene DC wachizungu Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, manje ni hotela. Mwana wa ku Lundazi akapanda kuika Castle pa posta ndiye kuti wadwala. Ma posta amenewa sachokela ku Lusaka iyayi. Akupangidwa konko, na anyamata na atsikana amene ofesi yao yonse imakwana m'thumba.

Mmodzi wa iwo ni mufana wanga, mwana wa amayi aang'ono. Dzina sinditchula, angandichotse mu gulu la banja. Anamaliza Grade 12, ndalama za koleji zinasowa, ndiye anadziphunzitsa yekha pa YouTube. Ali na foni ya Android na laputopu yakale imene batile yake imakhala mphindi 40 ngati yadzuka bwino. Posta ya pa WhatsApp amachita K50, logo K150, ndipo pa ndalama zimenezo ndi pamene amagula bundle, sopo, nthawi zina na ndiwo za pa nyumba.

Komiti ya kitchen party inamupatsa nchito ya banner yaikulu, mamita 3 m'litali na 2 m'lifupi, yoika kumbuyo kwa mkwatibwi. Ine anandiika pakati, ati pakuti ndine wa nyuzipepa ndidziwa za zithunzi. Mufana anapanga chinthu chokongola zoona, maroon na golide kulingana na chitenge cha komiti, nkhope ya msuweni ikuwala. Ananditumizila pa WhatsApp kuti ndione chabe ngati maina ali bwino. Ine ndinali mu minibasi ku Lusaka, foni yodzaza, mtima uli pa nkhani imene ndinali kuthamangitsa. Ndinachita screenshot, n'kutumiza kwa amayi a pampando wa komiti. Iwo anatumiza kwa munthu wopita ku Chipata, munthu uja anapeleka ku shopu yopulinta, a shopu anapulinta chimene anapatsidwa.

Banner inafika na basi pa Chisanu madzulo, phwando lili mawa lake. Itatambasulidwa pa khonde, azimayi onse anangoti zii. Nkhope ya mkwatibwi inali ngati munthu amene ukumuona pansi pa madzi a mu damu. Zilembo zinali na mano ngati sowo. Maroon ija inasanduka mtundu wa chikanda.

"Iwe mwana iwe," anatelo amayi a pampando, "ndalama zimene tinasonkha n'zakuti utijambulile mzukwa?"

Mufana sanayankhe, anangoyang'ana pansi monga mwana wolelewa bwino. Pambuyo pake anabwela pafupi na ine n'kunong'ona: "Asisi, ija ninakutumizilani inali ya kuonako chabe. Mwaichita bwanji?" Ndipo ine, mtolankhani wa dipuloma, wokonda kufunsa anthu otchuka mafunso owawa, ndinakhala chete pafupifupi ola lathunthu, mwana akunyozedwa m'malo mwanga.

Mumvetse chimene chinali pa ngozi. Ku Lusaka ukalakwitsa nchito ku Kamwala, mawa upeza kasitomala wina ku Chilenje amene sakudziwa. Ku Lundazi azimayi a mu komiti ija ndi omwe ali mu kwaya ya ku chalichi, ndi omwe ali mu cooperative, ndi omwe ali mu PTA ya sukulu. Akakamba kuti mwana uja ni wabodza, bizinesi yatha tsiku lomwelo, ngakhale osalengeza pa Radio Chikaya. Usiku umenewo ndinagwada pamaso pa komiti n'kuulula. Ndiye tinakhala na mufana mpaka pakati pa usiku, iye akundiphunzitsa zimene ndinayenela kudziwa kale.

Tiyambe na masamu, osathawa. Chithunzi cha pa foni chimapangidwa na timadontho totchedwa ma pixel. Screenshot ya foni zambili imakhala na timadontho 720 kapena 1080 m'lifupi. Pa sikilini ya m'manja ni tokwana. Koma tambasulani timadontho 1080 pa mamita 3, mupeza kuti pa sentimita imodzi pali timadontho tosakwana 4. Ndiye mano a sowo aja. Pepa imene munthu amawelenga ili m'manja, monga flyer kapena pulogalamu ya malilo, imafuna 300 dpi, ndipo pa A4 zimenezo zitanthauza 2480 na 3508. Banner imaonedwa patali, siifuna zambili choncho, koma siingachoke mu screenshot. Saizi uziika poyamba, usanalembe na chilembo chimodzi, chifukwa chithunzi chaching'ono sichikula ukachikoka, chimangosweka.

Chachiwili, WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bundle. Ni chifundo chake kwa ise okonda kutumizilana zithunzi za pa phwando, koma kwa wopanga ma posta ni msampha. Ka batani ka HD kamathandizako, koma njila yeniyeni ni kutumiza ngati document: dinani ka waya kopanila mapepa kaja, sankhani Document, ndiye file ipita mmene ilili. Kapena ikani pa Google Drive, pamene aliyense ali na 15GB yaulele, n'kutumiza link kwa wopulinta mwini wake, osati kudzela mwa asisi a ku Lusaka amene ali mu minibasi. Ndipo za chikanda zija: sikilini imapanga mitundu na kuwala kofiila, kobiliwila na kwa buluu, pamene makina opulinta amasakaniza ma inki anayi, chimene amati CMYK. Mitundu yowala kwambili pa foni imazilala ikafika pa pepa kapena pa nsalu. Wopulinta wabwino angakupulintile kachidutswa kakang'ono kuti uone mtundu usanawononge mamita atatu. Pempha. Ngati uli ku Lundazi ndipo makina ali ku Chipata, uza mnzako wa kumeneko akaone na maso.

Manje ku funso limene mumanditumizila kawilikawili mu inbox, lakuti app yabwino ni iti. Mufana anandiseka. Ati ku Lundazi funso loyamba si limenelo. Funso ni lakuti, malaiti akapita na bundle ikatha, izasebenza? Akuluakulu a konko amakumbutsa kuti kwa zaka zambili tauni ija inali kuyaka na magetsi ochokela ku Malawi, tsidya la boda ya Lusuntha, ndipo tonse tikukumbuka 2024 pamene chilala chinaumitsa Kariba, dziko lonse tinaphunzila kutchaja foni pakati pa usiku. Starlink inafika mu Zambia mu October 2023, zoona, koma mtengo wa kit yake si wa munthu wa posta ya K50. Chifukwa chake iye amagawa zida zake pawili, zofuna netiweki na zosafuna.

Pa foni, kavalo wake ni PixelLab. Imasebenza popanda intaneti, siilemela pa foni yochipa, ndipo ungaike saizi yako na ma font ako. Vuto lake si la app, ni la ise: aliyense akapeza zilembo za golide za 3D amaziika paliponse, mpaka chidziwitso cha malilo chimaoneka ngati posta ya braai. Canva, imene Melanie Perkins na anzake anayambitsa ku Australia mu 2013, ndiyo yosavuta kuposa zonse ndipo ili na ma template ambilimbili. Koma imadalila kwambili intaneti, ndipo template imene wakonda iwe waikondanso mnzako wa pa shopu yotsatila. Ndinaona ma posta awili pa khoma limodzi, ina ya overnight ya mapemphelo, ina ya pool tournament, zofanana ngati mapasa. Ngati mugwilitsa Canva pa zopulinta, potulutsa sankhani PDF Print, osati chithunzi wamba.

Pa laputopu ndi pamene pali nkhani imene ndifuna muimve bwino, makamaka imwe amene mufuna kuchoka pa K50. Logo siiyenela kupangidwa ngati chithunzi. Iyenela kupangidwa ngati vector, kutanthauza kuti kompyuta imasunga mizele na ma shepu m'malo mwa timadontho, ndiye logo yomweyo ingakhale pa stampa ya rabala lelo, mawa pa khoma lonse la shopu, osasweka. Inkscape imachita zimenezi, ni yaulele, ndipo ukaitsitsa kamodzi siifunanso bundle. Pa kukonza zithunzi pali GIMP, yaulele nayonso, imene inatulutsa 3.0 mu March 2025. Kasitomala akakupatsa file ya Photoshop iwe ulibe Photoshop, tsegula Photopea mu browser. Anaipanga Ivan Kutskir ku Prague, imatsegula ma PSD, ndipo nchito imachitikila pa makina ako omwewo. Chatsopano ni Affinity, imene Canva inagula mu 2024 n'kuipanga yaulele mu October 2025. Ni yamphamvu, koma ni yolemela kutsitsa ndipo imafuna kompyuta yathanzi. Laputopu ya mufana ingakomoke.

Nanga Photoshop na Illustrator? Ni zabwino, palibe wotsutsa, ndipo ukafuna nchito mu kampani yaikulu ya zotsatsa malonda adzakufunsa. Koma kuyambila 2013 Adobe inasiya kugulitsa kamodzi n'kwako, ulipila mwezi na mwezi, mu ndalama yakunja, na khadi ya ku banki. Ndidziwa chimene mukuganiza, "ya crack". Ine si m'busa, koma ndikuuzeni: mu ma file amenewo ndi mmene mumabisala tizilombo toba ma password, ndipo pa laputopu yomweyo ndi pamene mwatsegula Facebook page ya kasitomala na email yanu. Kuluza page ya chalichi chifukwa cha kuthawa kuphunzila Inkscape, muganize bwino. Chinanso, ma shopu opulinta ambili amene ndinalowamo, kuno na ku Chipata komwe, amasebenzela pa CorelDRAW. Musanayambe nchito imbani foni mufunse kuti afuna file yotani. PDF imene zilembo zake mwazisandutsa ma curves imatseguka paliponse, ngakhale makina awo alibe font yanu.

Za font zili na kankhani kake ku Lundazi. Anthu ambili kuja amakamba Chitumbuka, ena Chichewa, ndipo pali kachilembo kaja ka w yovala chisote, ŵ. Mufana anapatsidwa nchito ya label ya nshawa zokazinga, ndipo mwini wake anafuna liu la Chitumbuka, skaŵa. Font yokongola imene anasankha inalibe chilembo chimenecho, pamalo pake panatuluka kabokosi kopanda kanthu. Mwayi anaona asanatumize. Manje asanakonde font iliyonse amayamba walemba skaŵa na ng'ombe kuti aone ngati chisote na ka apostrophe zikhala bwino. Banja la ma font a Google lotchedwa Noto linapangidwa dala kuti tumabokosi tumeneto tusaoneke, ndipo ni laulele pa Google Fonts. Apa ndiye pamene mwana wa kumudzi amamenya dizaina wa ku Kabulonga: adziwa kuti agogo ogula mbeu adzaima pa posta yolembedwa m'chilankhulo chao, ndipo adziwa kulemba "Yewo chomene" osalakwitsa. Palibe app imene ingakugulitse chimenecho. Na zithunzi za AI zomwe, muzisamala. Ndinaona posta ya feteleza ili na mlimi wa zala sikisi, atanyamula chimanga chimene sichimela pa dziko lino.

Pakuti ndine wa zosangalatsa, oimba anga musandithawe. Cover ya nyimbo ikhale ya makona anayi ofanana, 3000 na 3000, ngati mufuna ipite pa Spotify, Apple Music kapena Boomplay popanda kubwezedwa. Chithunzi cha pa YouTube ni 1280 na 720, cha pa status ni 1080 na 1920. Dizaina wanzelu amapanga zonse zitatu nthawi imodzi n'kugulitsa ngati phukusi. Ndipo chonde, lekani kuika nkhope ya woimba wotchuka pa posta ya show imene iye saidziwa. Anthu akalipila pa geti n'kupeza kuti kulibe, dzina limene lili pansi pa posta mu tuzilembo tung'ono ni lanu, na namba ya foni.

Kufulumila pa nchito, mmene ndinaonela, sikuchokela mu app yatsopano. Mufana ali na ma template ake amene anapanga yekha: ya malilo, ya chilanga mulilo, ya bola, ya chalichi. Kasitomala akabwela amangosintha maina na chithunzi, mphindi 20 yatha. Ma font na zithunzi zolemela amatsitsa usiku na bundle ya usiku. File iliyonse ili na dzina la kasitomala na deti, osati "final", "final 2", "final yeniyeni" monga zili pa laputopu yanga. Zonse zofunika amaziika pa Drive, chifukwa foni ingabedwe pa siteshoni kapena kugwela mu ndowa. Pa WhatsApp Business ali na ma label a "walipila" na "akali na nkhongole", komanso mayankho okonzelatu a mitengo, kuti asalembe chinthu chimodzi ka 30 pa tsiku. Ndipo amadziwa nyengo zake: kumayambililo kwa chaka ni masukulu na ma T-shirt a opita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February, anthu akagulitsa mbeu ni maukwati, mu August ni a ku Kulamba ku Mkaika, mvula ikayandikila ni ma agro dealer.

Pa za mawebusaiti ndikamba maganizo anga, amene afuna akwiye. Kantemba, salon kapena agro dealer wa ku Lundazi safunika webusaiti. Afunika catalogue pa WhatsApp Business, Facebook page yosamalidwa, na kuoneka pa Google Maps. Kumugulitsa webusaiti imene sadzaitsegula ni kumudyela, ndipo chaka chamawa ikafuna kulipilidwanso adzakutcha kawalala. Amene aifunikadi ni lodge yolandila alendo, sukulu ya private, cooperative yofuna ogula akutali, bungwe lofuna othandiza. Kwa amenewa WordPress, imene inayamba mu 2003 ndipo ikuyendetsa mawebusaiti opitilila 40 pa 100 alionse pa dziko, ikali njila yachidule. Ungaimange yonse pa laputopu popanda intaneti na XAMPP kapena Local, n'kuikweza tsiku limene netiweki yakondwa. Zithunzi uzichepetse na Squoosh kapena TinyPNG usanaziike, ndipo uiyese pa foni yochipa pa netiweki ya bala imodzi, chifukwa ndi mmene kasitomala wa kasitomala wako adzaitsegulile. Figma ni yabwino ngati usebenza na gulu la kutali, koma kwa munthu mmodzi wa bundle yowelengela siyofunika kuthamangila. Dzina la webusaiti, kaya ni la .com kapena la .zm limene limayang'anilidwa na ZICTA, lilembetsedwe mu dzina la mwini bizinesi, osati lako. Mukadzayambana, usadzaoneke ngati wagwila nyumba ya eni.

Mwina mukuti, nanga ku Lundazi kuli ndalama ya dizaini? Lowani mu supermarket kuno ku Lusaka muone chiponde, uchi na mpunga wa ku Chama za It's Wild!. Ni za COMACO, imene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, yogula mbeu kwa alimi a m'mbali mwa chigwa cha Luangwa, ena a iwo anthu amene anapeleka mfuti na misampha n'kuleka kupha nyama. Lundazi ni amodzi mwa malo amene nchito imeneyi inayambila. Nshawa zake n'zomwe zija amayi aang'ono amagulitsa mu meda pa msewu. Zasiyana pa kukonza, pa botolo na pa label. Ndiye ganizilani ma club a azimayi na ma cooperative a achinyamata amene achuluka kuchokela pamene CDF inakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency mu 2022. Aliyense afuna logo, stampa, letterhead, ndipo amene akupanga chiponde kapena mafuta a mpendadzuwa afuna label yokhala na kulemela kwake, zimene zilimo, na deti yothela. Kasitomala akakuuza kuti ikapo chizindikilo cha ZABS kuti zioneke bwino pamene alibe mapepa ake, kana. Mlandu umenewo si wa K150.

Koma ndalama zambili za mufana sizitayika pa sikilini. Zimatayika pa "nizakupatsa month end". Ndipo oyamba kumudyela ndise a banja, amene timati ni kudinadina chabe pa foni. Usiku uja tinagwilizana malamulo: hafu ya ndalama ilowe pa MoMo kapena Airtel Money asanatsegule app. Chitsanzo chipite chili na dzina lake litalembedwa pakati, lalikulu, kuti wochita screenshot ngati ine achite manyazi. Kusintha kwaulele ni kawili, kachitatu ulipila, chifukwa pali makasitomala amene amafunsa apongozi, m'busa na neba, aliyense na mtundu wake. File yeniyeni imatuluka ndalama ikatha kulowa. Ndipo akafuna nchito za sukulu, khonsolo kapena NGO, adzafunika invoice, dzina la bizinesi lolembetsa ku PACRA na TPIN ya ku ZRA, apo ayi adzangoona anzake akudya. Amene mulota makasitomala akunja pa Fiverr na Upwork, yambani mwaona mmene ndalama idzafikile: akaunti ya PayPal ya ku Zambia kwa nthawi yaitali yakhala yotumizila chabe, chifukwa chake ambili amadzela pa Payoneer.

Banner ija sitinathe kuipulintanso, Chipata ni kutali ndipo phwando linali m'mawa. Tinaipachika m'mwamba kumbuyo kwa tebulo ya mphatso, mufana n'kuphimba nkhope na ma baluni na chitenge chopinda, kungosiya dzina la mkwatibwi limene patali linali kuwelengeka. Alangizi anavina, mapoto anapelekedwa, ndipo amene sanaliko pa Chisanu anati ni sitayilo ya ku Lusaka. Ndalama ya komiti ndinabweza ine, ndipo mwezi uno mukandiona ndikudya kapenta mudziwe chifukwa chake. Pa Sondo tikuchoka mu chalichi, amayi a pampando anaitana mufana n'kumufunsa ngati angapange kalenda ya chigwilizano cha azimayi. Iye anapinda mawondo mwaulemu n'kunena kuti, "Ningapange amama, koma pafunika hafu poyamba." Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba. Ndiye anamasula mfundo ya chitenge.

Ndili mu basi yobwelela, tangopitilila Katete, foni inalila. Mufana wanditumizila mndandanda wake watsopano wa mitengo, PDF, ngati document. Pansi penipeni analembapo mzele mu zilembo zofiila: "Screenshot sitilandila. A banja mtengo ni umodzimodzi." Pansi pake panali invoice ya K50, ya posta ya birthday yanga ya chaka chatha.